Mphindi zosiyanitsa kuwongola tsitsi ndi kulisungunula

Nkhani ino ikukhudza ntchito imene imachitika pafupifupi pakhomo paliponse, kaya pakhonde Loweruka masana kapena kubafa m'mamawa, yomwe ndi kutsuka, kupesa, kuwongola ndi kumeta tsitsi. Ngakhale ntchitoyi imaoneka ngati yosafuna sukulu, mbali yake yaikulu ndi sayansi ya mankhwala, ndipo anthu ambiri amagwira mankhwala aukali ndi manja awo asanauzidwe chimene mankhwalawo amachita akafika pamutu. Poyambira pake ndi pakuti tsitsi limene limaoneka kunja kwa khungu ndi lakufa kale, lilibe magazi kapena mitsempha, silimva kuwawa likamadulidwa, ndiponso silingathe kudzikonza lokha likawonongeka. Gawo lamoyo lili m'kati mwa khungu, m'kathumba kakang'ono kamene madokotala a khungu amakatcha follicle, momwe maselo amagawikana usana ndi usiku n'kumakankhira tsitsi kunja. Tsitsi loduka kapena lowauka limalowedwa m'malo ndi lina pakapita miyezi, koma kathumbako kakawonongeka mpaka kusanduka chipsera, pamalopo sipameranso kanthu, ndipo palibe mafuta a m'sitolo kapena mankhwala azitsamba amene angakadzutse.

Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yolimba yotchedwa keratin, yomwenso imapanga zikhadabo, ziboda ndi nthenga. Kunja kwa tsitsi lililonse kuli timamba tosanjikizana timene timateteza mtima wake, ndipo mu mtimamo muli timaulusi ta keratin tolumikizidwa ndi zomangira zamitundumitundu, koma ziwiri ndizo zofunika pa nkhani ino. Zoyamba ndi zomangira zofooka za haidrojeni, zimene zimamasuka tsitsi likanyowa kapena likatenthedwa, kenako n'kugwirananso likauma kapena likazizira, ndipo n'chifukwa chake tsitsi lowongoledwa ndi moto limabwerera mwakale mwini wake akangovumbwa ndi mvula. Zachiwiri ndi zomangira zolimba za sulufule, zimene madzi sangazimasule, ndipo ndizo zimapatsa tsitsi mphamvu ndi kusunga mapindidwe ake; fungo loipa lija la tsitsi lowauka limachokera ku sulufule ameneyu. Mankhwala onse owongolera tsitsi kosatha, komanso kirimu aliyense wochotsera ubweya, amalimbana ndi zomangira zachiwirizi, ndipo chowasiyanitsa ndi kuchuluka kwa zomangira zodulidwa: zikaduka zochepa tsitsi limawongoka, zikaduka zambiri limasungunuka.

Tsitsi la anthu ambiri a mu Africa limamera m'tithumba topindika, ndipo likadulidwa n'kuonedwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono limaoneka lophwatalala osati lobulungira, zomwe zimachititsa kuti lizipotana ndi kudzimanga timfundo. Paliponse pamene tsitsi lapindika pali pofooka, ndipo mafuta achibadwa otuluka m'khungu, otchedwa sebum, amavutika kutsetsereka m'mapindidwemo mpaka kunsonga, choncho tsitsi lotere limauma msanga ndi kuthyoka mosavuta ngakhale limaoneka lokhakhala ndi lamphamvu. Mutu wa munthu umakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo kugwa kwa tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda, chifukwa lililonse limakula kwa zaka 2 mpaka 6, limapuma kwa miyezi pafupifupi itatu, kenako limagwa kuti lisiyire lina malo. Kafukufuku wa Geneviève Loussouarn, wofalitsidwa mu 2001, anapeza kuti tsitsi la anthu a mu Africa limakula pang'onopang'ono poyerekeza ndi la azungu, mosafika sentimita imodzi pamwezi. Ngakhale zili choncho, dandaulo lomveka kawirikawiri lakuti tsitsi la uje silikula nthawi zambiri silikhala loona, popeza tsitsilo likukula kumizu koma likuthyoka kunsonga pa liwiro lomwelo, ndipo umboni wake ndi tizidutswa tatifupi totsala pachipeso ndi pamapewa, topanda kamutu koyera kamene kamakhala kutsinde kwa tsitsi logwa lokha.

Pa kutsuka, chofunika kuchimvetsa ndi muyeso wotchedwa pH, umene umayambira pa 0 kufika pa 14 ndipo umasonyeza ngati chinthu chili cha asidi kapena cha gulu la soda, pomwe madzi oyera ali pakatikati, pa 7. Khungu la m'mutu limakhala pafupi ndi 5.5, pamene sopo wochapira zovala amafika pa 9 kapena 10, ndipo pa muyeso wotere timamba tija timatukuka, tsitsi limatupa ndi madzi, limakolana, n'kuyamba kuthyoka pofuna kulipesa. Kumene madzi a pamjigo ali a mchere wambiri, monga m'madera ena a m'chigwa cha Shire, sopoyo amasiyanso zoyera zokakamira patsitsi. Shampu wofatsa kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri ndi wokwanira kwa ambiri, ndipo kondishona, amene ntchito yake ndi kugoneka timambato ndi kuterereretsa tsitsi, ndi wofunika pa tsitsi lopotana kuposa mmene ambiri amaganizira. Kupesa kosawononga kumachitika tsitsi lili lachinyezi ndiponso lofewetsedwa, ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Kulowetsa chipeso cha mano othithikana m'tsitsi louma kuyambira pakhungu, mwana akulira mutu wake utapanidwa pakati pa mawondo a mayi, ndiko kumathyola tsitsi lochuluka m'nyumba zambiri, ndipo mwanayo amakula akudziwa kuti tsitsi lake ndi chilango.

Mafuta odzola, kaya ndi Vaseline, mafuta a nsatsi amene makolo ankayenga okha, a malambe kapena a kokonati, ali ndi ntchito yodziwika, yomwe ndi kutsekera chinyontho m'tsitsi ndi kuchepetsa kukhulana, koma safika m'kathumba kuti afulumizitse kukula, kaya botolo lalonjeza zotani. Mafuta opakidwa pa tsitsi louma kale amangolinyezimiritsa, chifukwa chofewetsa tsitsi ndi madzi, ndipo mafuta amayenera kubwera pambuyo pake. Pali chizolowezi chopaka mafuta ochuluka pakhungu mfundu ikayamba, poganiza kuti khungu lauma, pomwe mfundu yambiri imadza ndi kafangasi kotchedwa Malassezia, kamene kamakhala pakhungu la munthu aliyense n'kumadya mafuta, moti kuwonjezera mafuta a zomera kumangokadyetsa. Chothandiza ndi shampu wokhala ndi mankhwala monga ketoconazole. Zipere za ana nazonso si nkhani ya mafuta kapena uve wa banja, koma fangasi wolowa m'kati mwa tsitsi lenilenilo, kumene zodzola sizifika, ndipo pamafunika mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata 6 kapena kuposerapo, pamodzi ndi kuleka kubwerekana zipeso ndi zipewa.

Kuwongola tsitsi ndi moto ndi njira yakale kuposa mankhwala. Mu 1872 wokonza tsitsi wa ku Paris, Marcel Grateau, anayamba kutchuka ndi zitsulo zotenthetsa zokonzera tsitsi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amayi awiri akuda a ku America, Annie Turnbo Malone ndi Madam C. J. Walker, anafalitsa chipeso chachitsulo chamoto pamodzi ndi mafuta awo, ngakhale sindiwo anachitulukira. Chipeso chomwecho chinafika m'makomo a kuno, kumene chinkaikidwa pambaula n'kuyesedwa kaye pa kansalu chisanafike pamutu, ndipo masiku ano malo ake atengedwa ndi zowumitsira ndi zopanira zamagetsi zimene zimatha kufika madigiri 230. Moto wapakati umamasula zomangira zofooka zokha, koma ukapitirira umang'amba timamba ndi kusintha keratin mosabwereranso, ndipo ukafika pa tsitsi lonyowa madzi a m'kati mwake amawira n'kupanga timathovu timene timaliphulitsa. Choncho tsitsi liyenera kuuma kaye, chitsulo chidutse kamodzi pachigawo chilichonse, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 180 ngati chipangizocho chili ndi posinthira. Mu 1968 madokotala a ku America anafotokoza dazi la chipsera loyambira paliwombo pa amayi akuda n'kumafalikira mozungulira, ndipo analoza chala chipeso chamoto, koma kafukufuku wa mu 2019, amene Ncoza Dlova wa ku Durban anatengamo mbali, anasonyeza kuti ena mwa odwalawo ali ndi kusintha kobadwa nako mu jini yotchedwa PADI3, kutanthauza kuti moto ndi mankhwala sizokhazo zoyambitsa, ngakhale zingathe kukulitsa vutolo mwa amene ali nalo ku mtundu.

Pa njira zonse zowongolera, yomanga tsitsi ndi ulusi, imene atsikana ambiri akumudzi ndi a m'tauni omwe anakula nayo, ndiyo imawononga pang'ono kuposa zinzake, chifukwa tsitsi limaumira m'kati mwa ulusi lili lotambasuka, zomangira zofooka n'kugwirana momwemo, popanda moto kapena mankhwala. Likamasulidwa limakhala lalitali ndi losavuta kupesa kwa masiku angapo, ndipo choopsa chake ndi kumanga mothina kwambiri kumizu.

Mankhwala owongolera tsitsi, amene m'masaluni amangotchedwa rilakisa, anayambira ku Cleveland m'dziko la America, kumene Garrett Morgan, wokonza makina osokera, anaona kuti madzi amene ankayesa pofuna kuchepetsa kutentha kwa singano ankawongolanso ubweya, ndipo mu 1913 anakhazikitsa kampani yogulitsa kirimu wowongolera tsitsi. George E. Johnson wa ku Chicago anakulitsa malondawa kuyambira mu 1954, ndipo kummwera kwa Africa kuno dzina lodziwika ndi la Herman Mashaba, amene ndi anzake anayambitsa Black Like Me mu 1985. Mphamvu ya rilakisa wa mtundu woyamba ili mu sodium hydroxide, yemwe ndi soda waukali uja wopangira sopo ndi wotsegulira mapaipi otsekeka, ndipo pH yake imakhala pa 12 kapena kuposerapo. Mayi aliyense wodziwa kuphika therere amadziwa mmene chidulo, madzi odontha m'phulusa, chimafewetsera masamba olimba mpaka kulendera, ndiponso amadziwa kuti chikachuluka ndiwo zimasungunuka. Rilakisa ndi wa gulu lomwelo, kungoti ukali wake umaposa wa chidulo kutalitali. Akalowa m'tsitsi amalitupitsa, amadula zomangira za sulufule, ndipo pamalo pake pamapangika zina zosalimba chimodzimodzi zotchedwa lanthionine, moti tsitsi lowongoka motere silibwereranso mwakale ndipo mphamvu yake yoyamba yapita. Mu 2010 gulu la Nonhlanhla Khumalo la pa yunivesite ya Cape Town linayeza tsitsi lothira mankhwala n'kupeza kuti cystine, chomwe ndi chigawo cha keratin chosunga sulufule, chinali chochepa mofanana ndi m'tsitsi la anthu obadwa ndi matenda ofooketsa tsitsi.

Mabokosi ambiri ogulitsidwa kuti anthu azithirana pakhomo amalembedwa kuti mulibe soda waukali uja, ndipo ogula amamva ngati apeza mankhwala ofatsa. Zoona zake n'zakuti m'bokosimo muli kirimu wa calcium hydroxide ndi kabotolo ka guanidine carbonate, zimene zikasakanizidwa zimapanga guanidine hydroxide, amene ukali wake susiyana kwenikweni ndi wa mnzake uja. Mtunduwu sufulumira kuwotcha khungu, ndipo vuto lake lagona pomwepo, chifukwa wothiridwayo samva chenjezo msanga n'kumausiya m'mutu nthawi yaitali. Umasiyanso calcium patsitsi, amene amaliumitsa. Mu 2019 akatswiri a ku Cape Town anayeza mitundu 121 ya rilakisa wa m'masitolo, kuphatikizapo wolembedwa kuti ndi wa ana, ndipo yonse inali ndi pH yopitirira 11.5, womwe ndi muyeso umene chinthu chimawerengedwa kuti chimadya khungu. Chithunzi cha mwana womwetulira pabokosi sichisintha zimene zili m'katimo.

Amene wasankha kuthira mankhwalawa pakhomo ali ndi zinthu zingapo zosafuna chidule. Mutu suyenera kukandidwa kapena kumasulidwa malukidwe kwa masiku angapo ntchitoyo isanachitike, popeza kabala kalikonse ndi khomo la soda, ndipo Vaseline amapakidwa m'mphepete mwa tsitsi, pamakutu ndi kunkhongo, wothirayo atavala magolovesi. Madzi otsukira ayenera kukhala atatungidwa kale okwanira, chifukwa mpopi ukaphwa mankhwala ali m'mutu palibe wowauza kuti adikire. Nthawi yolembedwa papepala la m'bokosi imawerengedwa kuyambira pamene kirimu woyamba wakhudza tsitsi, osati pamene wothira wamaliza mutu wonse, ndipo kulakwitsa kumeneku kokha kumachititsa kuti chigawo choyambirira chikhale m'mankhwala nthawi yowirikiza. Chilimbikitso chomveka m'makomo ndi m'masaluni ena, chakuti munthu apirire chifukwa kuwawa ndiko kusonyeza kuti mankhwala akugwira, n'cholakwika kotheratu, pakuti tsitsi silimva kanthu, chimene chikumva ndi khungu likupsa, ndipo nkhanambo zomata tsitsi pamodzi m'mawa mwake ndi zilonda zamoto ndithu. Pambuyo potsuka ndi madzi ambiri pamabwera shampu wapadera wa asidi wobwezeretsa pH, amene m'mabokosi ena thovu lake limakhala lapinki mpaka soda atatheratu. Pa ritachi, komwe ndi kuthiranso pakapita masabata 8 mpaka 12, kirimu amayenera kukhudza tsitsi lomera kumene lokha, chifukwa lowongoka kale likalandira mankhwala kachiwiri limaduka pamalire pa lakale ndi latsopano, n'kutsalira m'beseni. Mankhwalawa akalowa m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20 kenako munthuyo athamangire kuchipatala, ndipo chotsala m'kontena chisasiyidwe pamene mwana wokwawa angachifikire, popeza chimaoneka ngati chakudya koma chimawotcha milomo ndi kummero.

Kuwonongeka kwakukulu kumadza pamene tsitsi lofooketsedwa ndi mankhwala lasenzetsedwanso katundu. Kafukufuku wa Khumalo ndi anzake ku Cape Town, wofalitsidwa mu 2007 ndi 2008, anapeza dazi lobwera chifukwa chokoka tsitsi mwa atsikana asukulu 17 pa 100 alionse ndi amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse, ndipo chiopsezo chinali chachikulu koposa mwa amene analukira meshi kapena wivi pa tsitsi lothira mankhwala. Dazi limeneli limayambira m'mphepete, pamphumi ndi pamwamba pa makutu, kumene tsitsi ndi lopyapyala, ndipo zizindikiro zake zoyamba n'zodziwika kwa amene analukitsapo: khungu lotukuka m'mizere, tiziphuphu m'mphepete, mutu wowawa mpaka kumwera Panado, ndi kulephera kuutsamiritsa papilo usiku woyamba. Poyamba tsitsi limabwerera kukokako kukaleka, koma zikabwerezedwa kwa zaka tithumba timafa. Malukidwe owawa ayenera kumasulidwa tsiku lomwelo ngakhale ndalama zapita, kuluka kudikire masabata awiri kuchokera tsiku lothira mankhwala, ndipo woluka wodziwa ntchito amasiya timatsitsi ta m'mphepete osatikokera mu meshi, ngakhale kasitomala ataumirira kuti akufuna zooneka zaudongo.

Nkhani ya rilakisa yalowanso m'kafukufuku wa khansa. Mu Okutobala 2022 akatswiri a National Institutes of Health ku America, motsogozedwa ndi Alexandra White, anafalitsa zotsatira za Sister Study, momwe anatsatira amayi opitirira 33,000 kwa zaka pafupifupi 11, ndipo 378 mwa iwo anapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero. Iwo anawerengera kuti 1.64 peresenti ya amayi osawongola tsitsi ndi mankhwala angadwale khansayi pofika zaka 70, pamene kwa owongola koposa kanayi pachaka chiwerengerocho chinali 4.05 peresenti. Ziwerengerozi zikusonyeza kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri, si umboni wotsimikiza kuti china chimabala chinzake, komanso khansa imeneyi ndi yosiyana ndi ya khomo la chiberekero yofala m'Malawi, imene imayamba ndi kachilombo ka HPV. Komabe zikupereka chifukwa china chotalikitsira nthawi pakati pa ritachi ndi inzake, ndi chopewera mabala a pakhungu, omwe ndi njira yapafupi yoti mankhwala alowere m'thupi. Mankhwala ena owongolera, otchedwa a keratin kapena a ku Brazil, amatulutsa mpweya wa formaldehyde akapanidwa ndi chitsulo chamoto, ndipo bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu mu 2004, moti kuchita ntchito imeneyi m'chipinda chotseka mawindo kumaika pangozi wothira, wothiridwa ndi ana amene akusewera pafupi.

Sikoyenera kunyoza owongola tsitsi ngati kuti sadzikonda, popeza ambiri amatero pofuna kupeputsa ntchito ya m'mawa, ndipo ena anakankhidwa ndi malamulo a sukulu ndi a kuntchito amene kwa zaka zambiri ankaona tsitsi lachibadwa ngati losasamalika. Atsikana a Pretoria High School for Girls anachita zionetsero pa nkhaniyi mu 2016, ndipo mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo. Wofuna kusiya mankhwala alibe njira yobwezera tsitsi lowongoka kale, amangodikira latsopano n'kumadula lakale pang'onopang'ono, kapena kulimeta lonse kamodzin'kamodzi.

Kumeta kuli ndi malo ake akale m'miyambo, kuyambira kumeta maliro mpaka malangizo a anankungwi okhudza ukhondo wa m'khwapa ndi malo obisika m'banja, ndipo chida chofala mpaka lero ndi lezala lotsika mtengo la pagolosale. Chikhulupiriro chakuti kumeta kumachulukitsa ubweya kapena kuulimbitsa chinatsutsidwa kale mu 1928 ndi Mildred Trotter wa ku St. Louis, ndipo chifukwa chake n'chomveka, pakuti lumo limadula gawo lakufa osafika m'kathumba, ndipo ubweya womeranso umangomveka wolasa chifukwa nsonga yake yopyapyala yachoka, chatsala ndi tsinde lonenepa. Vuto lenileni la tsitsi lopotana ndi lina: likametedwa pafupi kwambiri, nsonga yodulidwa mopendekera imapindika n'kubaya khungu, kapena imakulira m'kati osatuluka, ndipo thupi polimbana nayo limatulutsa ziphuphu zowawa pakhosi, m'chibwano ndi m'mphechepeche, zimene zimasiya mabanga akuda. Madokotala amazitcha pseudofolliculitis barbae, ndipo zimachepa ngati wometa afewetsa ubweya ndi madzi ofunda ndi thovu, ameta motsatira kumene ubweya wagonera, sakoka khungu pometa ndiponso sabwereza malo amodzi. Kwa amene ziphuphu sizikumuleka, nzeru ndi kusiya lumo n'kugwiritsa ntchito makina osiya ubweya wa milimita imodzi.

Kumeta mpala kuli ndi mbali ina yosaoneka ndi maso, chifukwa makina akakanikizidwa pakhungu amasiya timabala ting'onoting'ono, makamaka kunkhongo kumene amuna ena amatuluka ziphuphu zolimba zimene zimatha kuphatikizana n'kukhala chipsera chotupa. Mu 2018 akatswiri a ku Cape Town anafalitsa zimene anapeza atayeza makina 50 a m'mababashopu: zizindikiro za magazi zinali pa 42 peresenti ya makinawo ndipo kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi, kanali pa 8 peresenti, pamene HIV sanaipeze. Kachilombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chakacho chisanafike sanamulandire. Lezala la pakhomo ndi la munthu mmodzi, ngakhale pakati pa abale a bere limodzi, ndipo kungowaza sipiriti pang'ono pamakina tsitsi ndi zotsalira zina zisanachotsedwe sikokwanira.

Kirimu wochotsera ubweya, monga Veet ndi anzake, ndi mbale wake wa rilakisa. Muli mankhwala otchedwa thioglycolate osakanizidwa ndi zinthu za gulu la soda, pH yake ili pafupi ndi 12, ndipo amadula zomangira za sulufule zochuluka kwambiri moti m'mphindi 3 mpaka 10 ubweya umalefuka n'kupalidwa ndi kapulasitiki. Ufa wochotsera ndevu umene amuna ena amaukanda ndi madzi umagwira ntchito mofananamo, ndipo ubwino wake ndi wakuti nsonga yotsala siikhala yakuthwa, choncho ziphuphu zimachepa. Koma khungu lakunja nalonso ndi la keratin, ndiye mphindi zowonjezera zimayamba kulidya. N'chifukwa chake kirimuyo amayesedwa kaye pa kagawo kakang'ono kutatsala tsiku limodzi, sapakidwa pabala kapena pamalo ometedwa kumene, safika pakhungu lofewa la m'kati mwa malo obisika, ndipo wopangidwira miyendo sapita kunkhope. Mafuta onunkhira a m'khwapa nawo amadikira mpaka mawa lake.

Njira zozula, kaya ndi phula lofunda, shuga wophikidwa ndi mandimu amene amayi a ku Egypt ndi maiko a Aluya akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, kapena ulusi wopota wokonzera nsidze wofala ku India, zimachotsa ubweya ndi muzu wake, choncho khungu limakhala losalala kwa masabata angapo, ngakhale kathumba kamatsala ndipo ubweya umameranso. Pakhungu lakuda kutupa kulikonse kumatha kusiya banga lokhalitsa miyezi, ndiye phula lotentha kwambiri limalipitsa kawiri, ndipo amene amadzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi steroid ali pangozi yoposa, popeza khungu lawo limapyapyala n'kumachoka pamodzi ndi phulalo. Timakina ta kuwala totchedwa IPL, timene tayamba kugulitsidwa pa intaneti, timalunjika pa melanin, chomwe ndi chinthu chodetsa tsitsi, koma kwa munthu wakuda melanin yemweyo ali wochuluka m'khungu, moti kuwalako kumawotcha khungu m'malo mwa muzu. Madokotala a khungu amagwiritsa ntchito laser wa mtundu wa Nd:YAG, amene kuwala kwake kumalowa mozama, pothandiza anthu akhungu lakuda.

Ubweya wa kumalo obisika uli ndi ntchito yake yochepetsa kukhulana, ndipo kuuchotsa ndi nkhani ya mwambo ndi kukonda kwa munthu, si lamulo la chipatala. Kuufupikitsa ndi sizasi kumapewa mabala ndi ziphuphu zomwe lumo limabweretsa. Timandevu tochepa pachibwano pa mayi n'tofala, nthawi zambiri n'takumtundu kapena timadza msambo ukasiya, ndipo kutizula kapena kutidula sikutichulukitsa. Koma ndevu zikabwera limodzi ndi msambo wosalongosoka, ziphuphu, kunenepa ndi kuvutika kutenga pakati, zimatha kusonyeza vuto la mahomoni lotchedwa polycystic ovary syndrome, limene limayezedwa ndi kuthandizidwa kuchipatala, ndipo zikamera mwadzidzidzi m'miyezi yochepa mawu nawo n'kuyamba kukula ngati a mwamuna, mayiyo ayenera kuonana ndi dokotala mosazengereza.